Kusamukira ku Nyumba Ina ya Khonsolo ku England: Mafunso ndi Mayankho kwa Achibale Ali Kuno ku Lusaka

Mabanja ambiri kuno ku Lusaka ali ndi mwana, mlongo kapena mdzukulu amene anakhazikika ku England, ndipo ena mwa iwo amakhala m'nyumba za khonsolo kapena za mabungwe obwereketsa nyumba pa lendi yotsika otchedwa housing association. Banja likakula, kapena matenda akalowa pakhomo, anthuwa amapempha kuti awasamutsire ku nyumba ina, koma kudikira kwake kumatalika mpaka makolo kuno amayamba kukayika ngati mwana wawo akuchitadi khama. Mayankho ali m'munsimu akunena za England yokha, chifukwa Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo.

Kodi amene analembetsa poyamba ndiye amalandira nyumba poyamba?

Ayi. Chimene chimatsogoza munthu ndi kukula kwa vuto lake, ndipo vutolo liyenera kuoneka pa pepala. Lamulo la Housing Act la chaka cha 1996 limalamula khonsolo iliyonse kuti ikhale ndi ndondomeko yolembedwa ya kagawidwe ka nyumba, imene aliyense angathe kuiwerenga, ndipo limatchula anthu amene ndondomekoyo iyenera kuwaganizira mwapadera. Anthuwa ndi osowa pokhala, okhala mothithikana kapena m'nyumba yoika thanzi pachiswe, oyenera kusamuka chifukwa cha matenda, kulumala kapena chisamaliro, ndiponso oyenera kukakhala dera linalake pamene kulephera kutero kungabweretse mavuto aakulu kwa iwo kapena kwa ena. Zimachitika monga kuchipatala, kumene namwino amalowetsa mwana wokomoka ngakhale pa benchi pali anthu amene anafika mbandakucha. Kutalika kwa nthawi imene munthu wadikira kumagwira ntchito makamaka posiyanitsa anthu amene mavuto awo aonedwa kuti ndi ofanana.

Nanga mawu akuti Band A ndi Band C amene ana athu amatchula pa foni amatanthauza chiyani?

Makhonsolo ambiri amagawa opempha m'magulu atatu, anayi kapena asanu, ndipo gulu loyamba, limene kawirikawiri limatchedwa Band A kapena Band 1, ndi la anthu amene kusamuka kwawo sikungadikire. M'gulu limeneli mumapezeka munthu amene moyo wake uli pangozi, wodwala amene sangatuluke m'chipatala chifukwa nyumba yake siingamulandirenso, kapena banja limene nyumba yake ikugwetsedwa. M'magulu apakati mumakhala mabanja osowa chipinda chimodzi kapena ziwiri ndi odwala amene vuto lawo ndi lalikulu koma losaopseza moyo. Gulu lomaliza ndi la anthu amene akhala bwino koma akungofuna kusintha malo, ndipo m'mizinda yothina ngati London ambiri a iwo safika polandira nyumba. Makhonsolo ena amagwiritsa ntchito mapointi m'malo mwa magulu, koma cholinga chake ndi chomwecho.

Tsiku lolowera m'gulu ndi lofunika kwambiri. M'ndondomeko zambiri, munthu akakwezedwa kuchoka ku gulu lachitatu kupita ku lachiwiri, kuwerenga kumayambiranso pa tsiku limene wakwezedwalo, choncho amakhala kumbuyo kwa onse amene anawapeza m'gulumo.

Mwana wanga ali kale m'nyumba ya khonsolo ndipo sanaphonyepo lendi. Kodi zimenezi sizimuika patsogolo pa anthu achilendo?

Amayi, kukhulupirika pa lendi kumamuteteza kuti asatsitsidwe, koma pakokha sikumukweza. Lamulo la Localism Act la 2011, limene mbali yake yokhudza nkhaniyi inayamba kugwira ntchito mu 2012, linagawa ofuna kusamuka pawiri. Amene ali m'magulu oganiziridwa mwapadera aja amapikisana pa mndandanda umodzi ndi anthu onse ofuna nyumba, kuphatikizapo mabanja amene akhonsolo anawaika m'nyumba zongoyembekezera. Amene alibe vuto lotere anachotsedwa pansi pa malamulo amenewo, ndipo mwininyumba, kaya ndi khonsolo kaya ndi bungwe, ali ndi ufulu wodzipangira njira yake yowasamutsira. Mabungwe ambiri a housing association anapangana ndi makhonsolo kuti gawo lalikulu la nyumba zawo zotsala zopanda anthu lizipita kwa amene khonsolo yawasankha, motero nyumba zimene bungwe lingapereke kwa anthu ake enieni zimakhala zochepa. N'chifukwa chake wokhala m'nyumba ya bungwe amachita bwino kulembetsa mbali zonse ziwiri, kwa mwininyumba ndi ku khonsolo.

Amawerenga bwanji kuti banja lathithikana?

Apa ndi pamene maganizo athu ndi malamulo awo amasiyana kwambiri, ndipo ndi bwino kufatsapo. Makhonsolo ambiri amatsata muyeso umene boma linalimbikitsa: mwamuna ndi mkazi wake chipinda chimodzi, munthu aliyense wa zaka 21 kapena kupitirira chipinda chake, ana awiri aamuna okhaokha kapena aakazi okhaokha a zaka 10 mpaka 20 chipinda chimodzi, ndipo ana awiri osafika zaka 10 chipinda chimodzi ngakhale wina ali mnyamata wina mtsikana.

Tiyerekeze banja lokhala m'fulati ya zipinda ziwiri zogona, lili ndi mnyamata wa zaka 9 ndi mtsikana wa zaka 7. Ngakhale mabedi awo atagundana moti chitseko cha wodilopu sichitseguka chonse, ndipo mabuku a kusukulu amasungidwa m'katoni pansi pa bedi, muyesowu umati banjali silikusowa kanthu. Tsiku limene mnyamatayo wakwanitsa zaka 10, banjali limayamba kusowa chipinda chimodzi, koma makolo ayenera kuonetsetsa kuti khonsolo yasintha zolemba zake, osangoganiza kuti kompyuta ichita yokha. Atsikana awiri a zaka 17 ndi 12 amayembekezeredwa kugona chipinda chimodzi popanda kudandaula.

Palinso muyeso wina wa m'lamulo la Housing Act la 1985, umene unachokera ku malamulo a 1935, ndipo ndi wouma kwambiri chifukwa umawerenga pabalaza ngati malo ogona, khanda losakwana chaka suliwerenga, ndipo mwana wosafika zaka 10 umamuwerenga ngati theka la munthu. Mabanja ochepa okha ndi amene amafika pa muyeso umenewu, koma ofikapo nthawi zambiri amakwezedwa kwambiri.

Ndikatumiza mdzukulu kapena mng'ono wake kuti akakhale nawo, kodi kuchuluka kwawo sikuwathandiza kulandira nyumba yaikulu?

Kawirikawiri sikuthandiza, ndipo nthawi zina kumawononga. Kwathu kuno mwana wa mchemwali wako ndi mwana wako, ndipo palibe amene amafunsa chifukwa chimene wagonera pakhomo pako. Khonsolo ya ku England imawerenga amene analembedwa kuti ndi a pa banjapo ndi amene pali chifukwa chomveka choti azikhala pamenepo mpaka kalekale, monga mwana wobadwa kumene kapena kholo lodwala limene likufunika chisamaliro cha tsiku ndi tsiku ndipo lili ndi chilolezo chokhala m'dzikomo. Mlendo wobwera pa viza yocheza sawerengedwa ngakhale atakhala miyezi isanu ndi umodzi. Ndondomeko zambiri zili ndi ndime yonena za munthu amene waipitsa dala mmene akukhalira, ndipo kulowetsa anthu ena m'nyumba yaing'ono kale kungachititse kuti pempho litsitsidwe gulu kapena liimitsidwe kwa nthawi.

Ndikuona kuti ife a kuno tiyenera kuwamvetsa ana athu akamazengereza kulandira wachibale. Nthawi zambiri si kuumira kapena kuiwala kwawo, koma akuteteza denga limene adzukulu anu akugonamo.

Kodi kalata ya dokotala imakwanira kuti wodwala akwezedwe?

Kukula kwa matenda pakokha sikumene amayang'ana. Funso lawo limakhala lakuti, kodi nyumba imene munthuyu akukhalamo ikukulitsa matendawo, ndipo kodi nyumba ina ingachepetse vutolo? Munthu wodwala khansa amene ali m'nyumba yapansi, yofunda, yoyandikana ndi chipatala angathe kusakwezedwa, pamene mayi wa nyamakazi ya m'mawondo wokhala pa nsanjika yachitatu m'nyumba yopanda chikepe, amene amatsika masitepe chokhala pansi, sitepe imodziimodzi, angathe kukwezedwa. Choncho kalata yongotchula dzina la matenda ndi mankhwala ilibe mphamvu kwenikweni. Kalata yothandiza ndi imene ikufotokoza kuti masitepe ndi angati, wodwalayo wagwapo kapena ayi, amatha kulowa m'bafa yekha kapena sangathe, ndiponso wakhala nthawi yotani osatuluka panja. Lipoti la katswiri wotchedwa occupational therapist, amene amabwera kudzaona mmene wodwala amayendera m'nyumba mwake, limalemekezedwa kwambiri. Matenda a maganizo ndi zosowa za mwana wa autism, vuto lokhudza mmene mwana amalankhulira ndi kukhalira ndi anthu ena, zimawerengedwanso, malinga ngati umboni ukulumikiza vutolo ndi nyumbayo.

Nthawi zina yankho limakhala kukonza nyumba yomweyo, monga kuika zogwirira m'bafa kapena kampando kokwera masitepe, m'malo mosamutsa munthu.

Nyumba yawo ili ndi chinyontho ndi nkhungu yakuda m'zipupa. Kodi asamutsidwa?

Udindo woyamba wa mwininyumba ndi kukonza, ndipo kusamutsa kumabwera pokhapokha ngati kukonza sikutheka anthu ali momwemo. Nkhaniyi inasintha pambuyo pa imfa ya Awaab Ishak, mwana wa zaka ziwiri amene anamwalira ku Rochdale mu Disembala 2020 chifukwa chopuma mpweya wa nkhungu m'fulati imene makolo ake anadandaula nayo mobwerezabwereza. Lamulo lotchedwa dzina lake linayamba kugwira ntchito pa 27 Okutobala 2025, ndipo limafuna kuti mwininyumba afufuze chinyontho choopsa pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, achitepo kanthu pa ngozi yadzidzidzi pasanathe maola 24, ndipo ngati sangathe kuchotsa ngoziyo pa nthawi yake, apezere banjalo malo ena oyembekezera pa ndalama zake. Auzeni ajambule zithunzi zooneka tsiku lake, makamaka kuseri kwa wodilopu ndi pansi pa mawindo pamene nkhungu imayambira, ndipo dandaulo lililonse alitumize cholemba, osati pa foni pokha.

Nanga mkazi amene akuthawa nkhanza za m'banja?

Ameneyu nthawi zambiri amaikidwa m'gulu lapamwamba, ndipo mwininyumba angathe kumusamutsa mwachindunji osadutsa pa mndandanda, njira imene imagwiranso ntchito kwa oopsezedwa ndi zigawenga kapena ozunzidwa chifukwa cha khungu lawo. Lamulo limanena kuti ngati anali ndi pangano lokhala m'nyumbamo moyo wake wonse, khonsolo ikamupatsa nyumba ina chifukwa cha nkhanzazo imupatsenso pangano la mtundu womwewo. Kuyambira mu Julaye 2025, makhonsolo saloledwa kukana wothawa nkhanza za m'banja chifukwa choti sanakhalepo m'dera lawo. Umboni ungachokere kupolisi, kwa dokotala kapena ku bungwe lothandiza ozunzidwa. Ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo ali ndi malo awo, koma pamene moyo uli pangozi, tisamuuze mwana wathu kuti apirire chifukwa choopa kutaya nyumba.

N'chifukwa chiyani gogo wokhala yekha amatha kusamutsidwa msanga kuposa banja la ana anayi?

Chifukwa akusiya nyumba imene khonsolo ikuifuna kwambiri. Nyumba za zipinda zitatu kapena zinayi ndi zosowa zedi, choncho wokalamba amene ana ake anachoka akavomera kulowa m'fulati ya chipinda chimodzi, makhonsolo ambiri amamuika pamwamba, ndipo ena amamulipirira galimoto yosamutsira katundu kapena kumupatsa ndalama ya chilimbikitso. Chimodzimodzinso amene akusiya nyumba yokonzedwera wolumala pamene iye sakuifunanso. Kwa amene sanafike zaka zopumira pa ntchito palinso chowakankha china: kuyambira mu Epulo 2013, thandizo la boma la lendi limadulidwa ndi 14 peresenti ya lendiyo ngati m'nyumba muli chipinda chimodzi chotsala, ndi 25 peresenti ngati zotsalazo ndi ziwiri kapena kupitirira.

Kodi nyumbayo amachita kusankhiridwa?

M'madera ambiri amasankha okha pa intaneti, njira imene inayambira mu mzinda wa Delft ku Netherlands. Nyumba zopanda anthu zimalengezedwa sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse, pamodzi ndi lendi yake, kuchuluka kwa zipinda ndi nsanjika yake, ndipo wopempha amaika dzina lake pa zimene akuzifuna. Palibe ndalama imene imalipidwa poika dzina. Nthawi ikatha, nyumba imapita kwa amene ali m'gulu lapamwamba ndipo wadikira nthawi yaitali pakati pa oika mainawo. Zotsatira zimasindikizidwa, ndipo wanzeru amaziwerenga kuti aone madera amene anthu a gulu lake akupambana. Kukana nyumba yoyenera popanda chifukwa chomveka kungachititse kuti munthu atsitsidwe kapena aimitsidwe, ndipo makhonsolo ena amalola kukana kamodzi kokha.

Kodi kudziwana ndi wa ku ofesi kapena kupereka kangachepe kungafulumizitse zinthu?

Ayi, ndipo ndi mlandu. Kunama pa fomu ya nyumba ndi mlandunso pansi pa lamulo la 1996 lija, ndipo nyumba yopezedwa mwa bodza ingathe kulandidwa kudzera kukhoti. Khansala kapena phungu wa Nyumba ya Malamulo angathe kulemba kalata yofunsa za pempho la munthu, koma sangamudumphitse mzere.

Ali ndi ngongole ya lendi. Kodi pempho lake lafa?

Silinafe, koma nthawi zambiri limaimitsidwa kapena kutsitsidwa mpaka ngongoleyo ithe kapena mpaka munthuyo aonetse kuti wasunga pangano lobweza pang'onopang'ono kwa nthawi imene ndondomeko yanena. Othawa nkhanza ndi ofuna nyumba yaing'ono chifukwa cha kudulidwa kwa thandizo la lendi amatha kuchitiridwa chifundo pa mfundo imeneyi. Makolo amene mumalandira thandizo kuchokera kwa ana anu mwezi ndi mwezi, dziwani kuti ndalama yotumizidwa kuno pamene lendi yatsalira ingabweze m'mbuyo kusamuka kwa banja lonse.

Wapeza ntchito mu mzinda wina. Kodi angasamukire ku nyumba ya khonsolo ya kumeneko?

Makhonsolo ambiri amafuna kuti wopempha akhale atakhala m'dera lawo zaka zingapo, koma malamulo a 2015 otchedwa Right to Move amaletsa kugwiritsa ntchito chiletso chimenechi pa wokhala kale m'nyumba ya khonsolo kapena ya bungwe amene ayenera kusamuka chifukwa cha ntchito, ngati kusasamuka kungamubweretsere mavuto aakulu. Ntchitoyo isakhale yongodzipereka kapena ya kanthawi kochepa, ndipo malangizo a boma amatchula ntchito ya miyezi 12 ndi ya maola 16 pa sabata ngati poyambira. Zimenezi zimangomulola kulowa pa mndandanda, sizimupatsa nyumba.

Kodi palibe njira ina yachidule?

Ilipo, ndipo kwa amene ali m'magulu apansi ndi imene ili ndi chiyembekezo chenicheni: kusinthana nyumba ndi banja lina. Anthu amapezana pa mawebusaiti monga HomeSwapper ndi House Exchange, ndipo nthawi zina kusinthanako kumakhudza mabanja atatu kapena anayi motsatizana. Eninyumba onse ayenera kuvomereza cholemba. Kwa wokhala m'nyumba ya khonsolo pa pangano lokhazikika, lamulo la 1985 limapatsa mwininyumba masiku 42 kuti ayankhe, ndipo angakane pa zifukwa zolembedwa m'lamulo zokha, monga ngati nyumbayo ndi yaikulu kwambiri kuposa banja lobweralo kapena ngati pali mlandu wochotsa munthu m'nyumba. Kulipirana ndalama posinthana n'koletsedwa. Wosinthana amalandira nyumba mmene ilili, ndipo mtundu wa pangano ndi lendi zingasinthe, choncho afunse bwino asanasaine.

N'chifukwa chiyani kudikira kumatalika chonchi m'dziko lolemera?

Nyumba n'zochepa. Mu 2024 mabanja opitirira 1.3 miliyoni anali pa mindandanda ya makhonsolo a ku England. Kuchokera mu 1980, pamene boma la Margaret Thatcher linapatsa okhala m'nyumba za khonsolo ufulu wozigula pa mtengo wotsika, nyumba pafupifupi 2 miliyoni zagulitsidwa, ndipo zomangidwa m'malo mwake sizinafanane nazo.

Ife a ku Lusaka nkhani imeneyi timaidziwa. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, ndipo mabanja a ku Chilenje, Libala, Kabwata ndi Matero anasanduka eninyumba. Kwa mabanjawo linali dalitso lalikulu, ndipo ambiri aphunzitsa ana ndi lendi ya tizipinda timene anamanga kuseri kwa nyumbazo. Koma khonsolo inatsala ndi nyumba zochepa kwambiri, moti lero banja la ku Kanyama limene madzi amalowa m'nyumba dzinja lililonse, kapena wolumala wa ku Chawama amene njinga yake siidutsa pakhomo, alibe mndandanda wotere woti alembetsepo vuto lake n'kudikira. Ndikhulupirira kuti mndandanda wochedwa, umene malamulo ake ndi olembedwa ndipo munthu angautsutse, ndi chinthu chimene mzinda wathu uyenera kuchilakalaka.

Mwana wanga anapita pa viza yosamalira okalamba. Kodi angalembetse?

Ayi. Viza zambiri za ntchito ndi za maphunziro zili ndi chiletso chakuti mwini wake asalandire thandizo la boma, ndipo nyumba yoperekedwa kudzera ku khonsolo ili m'gulu la thandizo limenelo. Mwayi umatseguka munthu akalandira chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, akakhala nzika, kapena akavomerezedwa kuti ndi wothawa kwawo.

Akumanga nyumba ku Chalala. Kodi ayenera kuitchula pa fomu?

Ngati fomu yafunsa, ayenera kuitchula, ndipo mafomu ambiri amafunsa za nyumba kapena malo amene munthu ali nawo kulikonse pa dziko lapansi. Makhonsolo amasiyana pa zimene amachita ndi yankholo, ena amayang'ana mtengo wake ndipo ena amayang'ana ngati munthuyo angathe kukhalamo, koma kubisa ndi kumene kumasandutsa nkhaniyi mlandu.

Akufuna kubwera kudzadwazika bambo ake kwa miyezi ingapo. Kodi sataya nyumba kapena malo ake pa mndandanda?

Pangano lokhazikika limafuna kuti nyumbayo ikhale kwawo kwenikweni kwa munthuyo, choncho adziwitse mwininyumba cholemba asananyamuke, anene tsiku lobwerera, asiye katundu wake momwemo ndipo lendi izilipidwa. Asabwereketse nyumbayo kwa munthu wina kuti apeze ya tikiti, chifukwa lamulo la 2013 linaika mchitidwewu kukhala mlandu umene chilango chake chingafike zaka ziwiri m'ndende. Thandizo la Universal Credit, ndalama imene boma limapereka kwa opeza zochepa kapena osagwira ntchito, nthawi zambiri limaima munthu akakhala kunja kupitirira mwezi umodzi, ngakhale kuti pa maliro a wachibale wapafupi nthawiyo ingatalikitsidwe kufika miyezi iwiri. Makhonsolo amatumizanso makalata ofunsa ngati munthu akufunabe kukhala pa mndandanda, ndipo osayankha amachotsedwa, motero aziyang'ana imelo yake ngakhale ali kuno.

Akaona kuti amuika m'gulu lolakwika, achite chiyani?

Ali ndi ufulu wopempha kuti chigamulocho chiunikidwenso, ndipo makhonsolo ambiri amapereka masiku 21 kuchokera pamene walandira kalata. Ayambe wawerenga ndondomeko ya khonsolo yake, apeze ndime yofotokoza gulu limene akuona kuti ndi lake, kenako alembe mogwirizana ndi mawu a ndimeyo ndi kuphatikizapo umboni watsopano ngati ulipo. Mabungwe a Shelter ndi Citizens Advice amalangiza kwaulere. Ngati wadutsa njira zonse za madandaulo koma sanakhutire, pali maofesi awiri oima paokha ofufuza madandaulo: nkhani ya mndandanda wa khonsolo imapita kwa Local Government and Social Care Ombudsman, pamene nkhani ya mmene mwininyumba wayendetsera kusamutsa kwa anthu ake kapena kusinthana nyumba imapita kwa Housing Ombudsman. Maofesi onse awiriwa salipiritsa, koma amafuna makope a makalata onse kuyambira pa dandaulo loyamba.